ANA ALENDO PA KHOMO LA MISYONI: Mau olankhulidwa pa Khondowe m'masiku a Yubile

 Ndilankhula m'Cinyanja, cingakhale kuno kwathu tiyamwa Citumbuka, pakuti pakati pathu pali abale ocokera kutali. Ndiponso ana amene ndifuna kunena za iwo, ambiri a iwo Citumbuka sacidziwa, ndipo nkoyenera kuti mlandu wao unenedwe m'mau amene iwo angathe kumva.

Tasonkhana kucita Yubile. Tsono tiyambe tafunsa, Yubile nciani? M'buku la Levitiko, mutu 25, tiwerenga kuti Aisrayeli analamulidwa kupatula caka ca 50 ndi kuliza lipenga m'dziko lonse. M'caka cimeneco wogulitsidwa anamasulidwa, munda wopinyolitsidwa unabwezedwa kwa mwini wace, ndipo munthu amene umphawi unamtaya kutali anapatsidwa njira ya kwao. Lipengalo linalizidwa cifukwa ca anthu amene analibe pao. Cifukwa cace, ngati ife tidya mpunga ndi nyama, tiyimba, tibvala nsaru za cikumbutso, koma osafunsa za mwana wogona m'cigafa ca fodya kapena m'mbali mwa mseu, pamenepo lipenga lathu lalira cabe.

1. Kumene tinacokera

Misyoni ino inabadwa pakati pa anthu othawa. M'caka ca 1875 sitima ya Ilala inalowa m'nyanja yathu, nitsitsa Bambo E. D. Young, Dr Robert Laws ndi anzao pa Cape Maclear, m'dziko la mfumu Mponda. Masiku amenewo malonda a akapolo anali paliponse. Sipanapite nthawi, anthu opulumuka ku magoli anayamba kufika pa Misyoni, akulu ndi ana omwe, napempha pokhala. Akuru a ku Scotland anali atalangiza amisyoni kuti asalimbane ndi ogula anthu ndi mphamvu ya mfuti. Koma wofika pakhomo ali ndi mabala m'khosi, ungamcotse bwanji? Sukulu yoyamba inadzala ndi ana otere, ndi ena amene mafumu anawatuma kudzaphunzira.

M'caka ca 1881 Misyoni inasamukira ku Bandawe, pakati pa Atonga, amene anali kukhala m'malinga cifukwa ca kuopa nkhondo ya Angoni a Mbelwa. Kumpoto, ku Karonga, Mlozi anamanga malinga ace, ndipo m'caka ca 1887 Ankhonde ambiri anaphedwa m'mabango a ku Kambwe. Nkhondo imeneyo inatha m'December 1895, pamene asilikari a Harry Johnston anagwetsa linga la Mlozi, natulutsamo akapolo mazanamazana. Ndipo pamene Dr Laws ndi Yuraia Chirwa anakwera phiri lino m'caka ca 1894 kudzafuna malo a sukulu yaikuru, anapeza anthu owerengeka okha, Aphoka, akubisala m'zitunda. Inu nonse mudziwa mapanga a kuseri kwa mathithi a Manchewe. Makolo a ena a inu anagona m'menemo, amai atagwira ana pakamwa kuti asalire. Ahenga ambiri anali atabalalika, ena kufikira ku Unkhonde. Tisaiwale ici: ife amene tikhala m'nyumba za njerwa lero, ndife zidzukulu za ana othawa.

2. Mwana mmodzi wa ku Quelimane

Ndikukumbutseni mbiri ya mwana mmodzi. William Koyi, mlaliki uja wa ku Lovedale, amene anadza kuno m'caka ca 1876 namwalira pa Njuyu m'caka ca 1886, pobwera ku ulendo wace m'caka ca 1881 anatenga kamnyamata ku Quelimane, m'dziko la Apwitikizi, nadza nako ku Misyoni. Dzina lace Charles Domingo. Analeredwa m'nyumba ya Dr Laws, naphunzira, nakhala mphunzitsi womveka pa Overtoun Institution pano, natsogola pakati pa ana a dziko lino pa maphunziro a ubusa. Analoledwa kulalika, koma kudzozedwa kunacedwa, caka ndi caka, kufikira mtima wace unatopa. Anacoka m'Misyoni, nakagwirizana ndi a Seventh Day Baptist. Abusa oyamba a kuno, Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, anadzozedwa m'caka ca 1914, Domingo atapita kale.

Mbiri iyi itiphunzitsa ziwiri. Coyamba, mwana mlendo wofika wopanda kanthu angathe kukhala mphunzitsi wa ana a eni dziko. Akuru anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Caciwiri, wolera mwana wa mwini ayenera kudziwa tsiku lakuti mwanayo wakula. Nkosabvuta kucitira cifundo mwana wa zaka 6 amene agwada polandira mbale. Nkobvuta kumpatsa mpando pamene wakhala munthu wa nzeru zace, woyankha mau ace.

Pali cenjezo lina locokera kwa abale athu a ku Blantyre. Misyoni ya kumeneko inayamba m'caka ca 1876, nayonso inalandira othawa ambiri. Popeza panalibe Boma, amisyoni anadziyesa okha oweruza: anakwapula anthu, mmodzi anafa ndi zikoti, ndi wina anaphedwa pa mlandu wakupha munthu. Mlendo wina, Andrew Chirnside, anaulula zimenezi m'caka ca 1880; Eklesia wa ku Scotland anatuma anthu kudzafunsa, ndipo m'caka ca 1881 atsogoleri anacotsedwa, nadza David Clement Scott kudzayambanso. Anthu aja sanadze ku Afrika ndi mtima woipa. Koma anali ndi mphamvu pa anthu amene analibe kothawira kwina, ndipo panalibe wowayang'anira. Yense wofuna kusunga ana alendo alembe ici pamtima pace.

3. Ana amene ali pa njira lero

Magoli anatha, koma ana oyenda sanathe. Dziko lathu lidziwa kulandira alendo. M'zaka za nkhondo ya ku Mozambique linasunga anthu oposa 1,000,000, amene anabwerera kwao atapangana mtendere ku Rome m'caka ca 1992. M'caka ca 1994 Boma linatsegula msasa wa Dzaleka ku Dowa, pamene kale panali ndende. Malo amene anayenera anthu ngati 12,000 anafikira kusunga oposa 50,000, a ku Congo, ku Burundi, ku Rwanda ndi kwina. Ambiri a iwo analowera ca ku Songwe ndi ku Karonga, napita pa mseu uwu wa M1, umene udutsa pa Chitimba, nukwera Chiweta, nupita pa Phwezi. Pamene ife tiri m'tulo pa phiri pano, pansipa papita anthu.

Ana amene ndinena ali a mitundu itatu. Oyamba ndiwo ana a nkhondo, amene adza ndi makolo ao kapena okha, atasiyana ndi abale panjira. Aciwiri ndiwo anyamata a ku Ethiopia ndi ku Somalia, amene atengedwa ndi anthu olipidwa kuti akawafikitse ku South Africa. Awa ayendetsedwa usiku, m'malole otsekedwa, m'mabwato ndi m'thengo. M'June 2012 bwato linamira pa nyanja kufupi ndi Karonga, ndipo anthu oposa 40 a ku Ethiopia anafa. M'October 2022 m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba munapezeka mitembo pafupifupi 30 yokwiriridwa mobisa. Pakati pa oyenda otere pali anyamata osafika zaka 18. Ndipo akagwidwa, kawirikawiri atsekeredwa pamodzi ndi akulu, ngakhale mlandu wao ngwakuti anafuna moyo.

Acitatu ali pafupi koposa, ndipo za iwo tiyenera kucita manyazi. Ndiwo ana a matenanti, amene makolo ao anatengedwa ku Mulanje, ku Phalombe, ku Thyolo ndi ku Machinga kudzalima fodya m'minda ya ku Nkhamanga, ku Hewe ndi m'cigwa ca Henga. Mwini munda apangana ndi bambo yekha, koma nchito igwera banja lonse. Cakudya cilembedwa ngongole, ndipo malipiro adza fodya atagulitsidwa, ngati adza konse. Mwana wa zaka 10 athyola fodya m'mamawa masamba ali ndi mame. Ululu wa fodya ulowa pakhungu, namva mutu, cizungulire ndi mseru, ndipo anthu ayesa malungo. Pangano likasokonezeka, kapena mai akamwalira, mwana atsala kuno wopanda ndalama ya ulendo, nayamba kuweta ng'ombe za eni kapena kugulitsa zitumbuwa pa Rumphi boma. M'caka ca 2021 Nyumba ya Malamulo inaletsa utenanti. Lamulo liripo; koma inu akatekisiti amene muyenda m'midzi mudziwa bwino ngati zigafa zamva lamulolo. Ndipo ena a eni minda akhala pa mipando ya patsogolo m'nyumba ya Mulungu.

4. Makhalidwe a nyumba yosungira ana

Tsono mpingo ukati, Tiyeni tipatule nyumba yakuti mwana wotere agonemo, uyenera kuyamba wawerengera mtengo wace, pakuti walira mvula walira matope. Ndichula zinthu zisanu ndi ziwiri.

Coyamba ndico cilolezo. Masiku a Cape Maclear panalibe Boma. Lero liripo, ndi malamulo ace. Lamulo la kusamala ndi kuteteza ana la 2010 linena za malo acitetezo ndi za mabanja olera, ndi la 2015 lilanga ogulitsa anthu. Ndipo kuyambira 2017 malamulo akuru a dziko ayesa mwana yense wosafika zaka 18. Nyumba yosungira ana iyenera kulembedwa ku Boma. Mwana akafika, tsiku lomwelo kapena m'mawa mwace mukauze a Social Welfare pa boma, ndi apolisi a ku Victim Support, ndi nyakwawa ya mudzi. Ngati ali wa kunja kwa dziko, iwo adzadziwitsa oyang'anira othawa nkhondo. Musambise, ngakhale ndi mtima wabwino. Wobisa mwana adziika yekha pa mlandu, ndipo mwanayo amcotsera njira yopezera abale ace. Pali nambala ya lamya, 116, yoimbira kwaulere pa mabvuto a ana. Katekisiti yense aidziwe monga adziwa masiku a Mgonero.

Caciwiri ndico buku. Dr Laws anali munthu wolemba zonse, ndipo cifukwa cace tidziwa mbiri yathu. Mwana yense alembedwe: dzina lace leni leni monga alichula iye mwini, maina a atate ndi amace, mfumu ya kwao, mtsinje kapena msika umene aukumbukira, tsiku ndi malo amene anapezeka, zobvala zimene anabvala, zipsera za pathupi. Musamfunse zonse tsiku limodzi. Ayambe wadya, wasamba, wagona. Mau adzadza okha. Mwana amene waphunzitsidwa ndi omtenga kuti aname, adzanama masiku oyamba. Musakwiye, lembani ndi kudikira. Musamsinthe dzina kuti likhale lopepuka pa lilime lanu, pakuti dzina ndilo cingwe cimene abale ace adzamkokera naco. Ndipo bukulo likhale m'bokosi lokiyidwa, pakuti amene anamgulitsa nayenso amfunafuna.

Cacitatu ndico osunga ana. Asankhidwe ndi bwalo la akuru, osati cifukwa ali mbale wa mbusa kapena asowa nchito. Mufunse kumene anakhala kale. Atsikana agone paokha ndi mai wowasunga, anyamata paokha. Munthu wamkuru asakhale yekha ndi mwana m'cipinda cotseka, angakhale ali mkuru wa mpingo wa imvi. Ili si lamulo lakunyoza munthu. Licinjiriza mwana, ndi mbiri ya wamkuruyo pamodzi. Cikoti cisalowe m'nyumbamo. Mwana amene anaona nkhondo angathe kukodza pamphasa ali ndi zaka 12, angathe kubisa nsima m'malaya, angathe kupfuula usiku. Zimenezi ndi mabala a mkati, ndipo bala silipola ndi ndodo. Pakhalenso anthu awiri a kunja kwa nyumbayo, mai mmodzi ndi bambo mmodzi, ofika kawiri pa mwezi osanena tsiku, amene mwana angathe kuwauza dandaulo lace osaopa.

Cacinai ndico cuma. Nyumba zambiri zotere zinayamba ndi mphatso ya bwenzi la kutsidya kwa nyanja, ndipo zinatsekedwa pamene bwenzilo linakalamba kapena kutopa. Nsima ya tsiku ndi tsiku icokere kwa ife eni: ku zopereka za masika, ku munda wa mpingo, ku nkhokwe imene amai a Umanyano aiyang'anira. Thandizo la kunja likadza, limange denga, likumbe citsime, ligule mabulangete, zinthu zimene zikhala mwini mphatso atapita. Ndalama isatuluke popanda manja a anthu awiri. Thumba lililonse la cimanga lilembedwe polowa ndi potuluka. Ndipo mawerengedwe awerengedwe poyera pamaso pa mpingo miyezi itatu iriyonse. Musalandire ana 30 pamene nkhokwe ikwanira 10. Ndiponso musajambule nkhope ya mwana wolira ndi kuiika pa Facebook kapena pa WhatsApp kuti anthu acite cifundo natumize ndalama. Mwana si nyambo. Cithunzico cidzakhalapo iye atakula, ndipo cingathe kuonedwa ndi amene anamthawa.

Cacisanu ndico thupi ndi nzeru. Sabata yoyamba mwana apite ku cipatala, kwa ife kuno ku David Gordon Memorial, kapena ku cipatala ca Boma ciri pafupi, kuti amuone malungo, cifuwa, mphere ndi kuperewera kwa cakudya. Agone m'masikito. Pambuyo pace apite ku sukulu ya m'mudzi, pamodzi ndi ana athu, pakuti kuyambira 1994 sukulu za pulaimale ziribe malipiro. Musammangire sukulu yace ya yekha, kuti angakule ngati mbuzi yomangidwa kuseri kwa nyumba. Nchito za pakhomo agwire monga agwira mwana wanu wobala, kusesa ndi kutsuka mbale yace. Koma tsiku limene mudzaona kuti ana a m'nyumbayo alima munda wa wosunga pamene ana ace a wosungayo ali m'kalasi, dziwani kuti nyumbayo yasanduka esiteti ina.

Cacisanu ndi cimodzi ndico cinenero ndi cipembedzo. Funani munthu wodziwa Ciswahili, Cilomwe kapena Ciyao kuti aziceza naye. Mwana akaiwala cinenero ca amace, adzafika kwao ali mlendo kaciwiri. Ena a ana awa ndi Asilamu, ena ndi a Eklesia wakale wa ku Ethiopia, ena ndi Akatolika. Inu akatekisiti, cherani khutu pano. Nchito yathu ndiyo kuphunzitsa Mau, ndipo sitiileka. Koma musagule moyo wa mwana ndi mbale ya nsima. Musamlembe m'kalasi ya ubatizo makolo ace osadziwa, musamkakamize kudya cimene kwao saadya, musamletse kupemphera monga anamphunzitsa amace. Aone Kristu m'manja amene amsambitsa zilonda. Akadzakula nafunsa yekha za cikhulupiriro cathu, khomo liri lotsegula. Ndipo wolowa comweco sadzatuluka msanga.

Cacisanu ndi ciwiri, cimene ciposa zonse, ndico njira ya kwao. Nyumba yotere iri ngati msasa wa pa dooko, pamene munthu ayembekeza bwato. Maiko a dziko lapansi anapangana za ufulu wa ana m'caka ca 1989, ndipo Malawi analowa m'panganolo m'caka ca 1991; m'caka ca 2009 anaonjeza malangizo a kasungidwe ka ana opanda makolo pafupi. Mtima wa malangizowo ndi umene makolo athu anaudziwa kale, kuti mwana akula bwino pa banja, ndi kuti nyumba ya ana ambiri ikhale pothawira potsiriza ndi pa nthawi yaifupi. Cotero kuyambira tsiku loyamba yambani kufunafuna abale. A Red Cross ali ndi nchito yolondola mabanja osiyana, kufikira kunja kwa dziko. Ife tiri ndi cuma cina: palibe boma m'Malawi muno lopanda mpingo wa C.C.A.P., ndipo kalata ya mbusa wa kuno kwa mbusa wa ku Phalombe ingapeze agogo a mwana m'masabata awiri. Koma musamkweze basi ndi kusamba m'manja. Funsani coyamba ngati kwaoko kuli mtendere, ngati si mbale yemweyo amene anampereka kwa wolemba anthu nchito. Mwanayo afunsidwenso maganizo ace. Wina amperekeze, a Social Welfare a kumeneko adziwe, ndipo itapita miyezi itatu mufunse za moyo wace. Kumene abale sapezeka, pafunike banja la mumpingo, lobvomerezedwa ndi Boma, limene lidzamlera ngati wao.

5. Mau kwa mabanja ndi kwa akatekisiti

Pano ndiyenera kunena mau owawa pang'ono. Tikonda mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo tidziwa kuti umapitirira kunena za kudya naye ukacenjera manja. Ena agwira mbali yaciwiriyo yokha. Atenga kamtsikana ka matenanti, nati, Tikasunga. Koma ndiko kamene kadzuka tambala woyamba, katunga madzi, kabereka khanda, kadya zotsala, ndipo sukulu kaiona patali. Abale, uku ndi kugula kapolo popanda kulipa mtengo. Lamulo la nchito la 2000 liletsa kulemba nchito mwana wosafika zaka 14. Koma ife tiri ndi lamulo lakale koposa, limene Mose anapatsa Aisrayeli powakumbutsa kuti iwonso anali alendo m'Aigupto. Bwalo la akuru limafunsa Mkristu za mowa ndi za mitala. Lifunsenso za mwana amene agona m'khichini mwace.

Inu akatekisiti ndi aphunzitsi a kalasi, ndinu maso a mpingo. Mbusa afika ku nthambi kamodzi pa miyezi ingapo, koma inu muli komweko. Ndikupemphani zitatu musanafike Mgonero ukudzawo. Yendani m'zigafa ndi m'makola a m'dera lanu, muwerenge ana a msinkhu wa sukulu amene sapita ku sukulu, mudziwe kwao. Kambani ndi eni minda mwaulemu, maso ndi maso, musanapite nao kwina. Ambiri adzamva, pakuti nao ali ndi mtima. Ndipo bweretsani cimene mwapeza ku bwalo la akuru, kuti mpingo uone ngati cofunika kwanuko ndi nyumba, kapena mabanja atatu okonzeka kulandira mwana usiku, kapena thumba la ndalama za ulendo wobwezera ana kwao. M'malo ambiri mudzapeza kuti mabanja atatu ndi thumbalo zikwanira, ndipo njerwa sizifunika konse. Inu a m'mbali mwa mseu, a ku Chitimba ndi ku Chiweta, mukapeza mnyamata wacilendo atasiyidwa m'thengo, wofoka ndi ludzu, mpatseni madzi pang'ono pang'ono ndi phala, mtengereni ku cipatala, ndipo muuze a Boma kuti ameneyu ndi mwana, asamyese mbala.

Wina adzati, Ife tomwe tiri osauka. Feteleza wakwera, ana athu asowa fizi. Tidzasunga bwanji ana a eni? Funsolo nloona, ndipo sindilipeputsa. Koma Aphoka amene analandira Dr Laws pa phiri lino sanali olemera. Anthu a ku Nsanje, ku Dedza ndi ku Ntcheu amene anagawana minda ndi a ku Mozambique sanali olemera. Ndipo Ambuye wathu mwini, ali khanda, anatengedwa usiku kuthawa Herode, naoloka malire, nakhala m'dziko la eni. Malembo sachula dzina la munthu wa ku Aigupto amene anatsegulira Yosefe ndi Mariya khomo. Koma analipo, ndipo sanadziwa amene anamlandira. Pa Mateyu 25 tiuzidwa kuti pa tsiku lotsiriza kudzafunsidwa za mlendo, ndi kuti olungama adzazizwa pomva amene anali mlendoyo.

Amene anatitsogolera anatisiyira Nyumba ya Miyala, cipatala, mseu wa Gorodi wokhotakhota, sukulu imene inatuma aphunzitsi kufikira ku Mwenzo ndi ku Lubwa, ndipo m'caka ca 2003 panaphuka Yunivesite pa maziko ao. Tiyamika Mulungu cifukwa ca zonsezi. Amene adzacita Yubile ikudzayo adzatsegula mabuku athu monga ife tatsegula ao. Apezemo maina a ana amene anafika pa khomo lino opanda kanthu, ndi pambali pa dzina lililonse tsiku limene mwanayo anafika kwao, kapena banja limene linamlera.

Mulungu wa Hagara ndi Ismayeli, amene anamva kulira kwa mnyamata m'cipululu, atsegule makutu athu. Atipatse nzeru pa kusunga, kukhulupirika pa cuma, ndi kudzicepetsa pa mphamvu imene tiri nayo pa ang'ono. Cisomo ca Ambuye wathu Yesu Kristu cikhale ndi inu nonse, ndi ana onse amene usiku uno ali pa njira. Amen.